Maroboti a nyali za LED amasunga magetsi, nanga amateteza anthu pamphambano?

Aliyense amene anayendetsapo galimoto chakumadzulo, dzuwa litapendeka n'kumawomba molunjika pa maroboti achikale, amakadziwa kamphindi kosautsa kaja pamene nyali zonse zitatu, yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, zimaoneka ngati zayaka pamodzi. Phazi limasowa poponda, kaya pa buleki kaya pa moto, ndipo munthu amangodikira kuona zimene galimoto ya patsogolo ichite. Vuto limeneli ndi limodzi mwa mavuto amene nyali za LED zinathetsa, ngakhale kuti chimene chinakopa makhonsolo a mizinda kuti azigule sichinali chitetezo ayi, koma bilu ya magetsi. Popeza nyali zimenezi tsopano zafala m'mizinda yambiri ya dziko lapansi, kuphatikizapo ya kuno kummwera kwa Africa, n'koyenera kuziyesa monga momwe munthu amayesera katundu amene wagula yekha, pakuti ndalama zogulira zimachokera m'misonkho yathu. Zoti zimasunga magetsi palibe akutsutsa. Chofunika kuunika n'chakuti kusungako kuli ndi phindu lanji kwa munthu amene akuwoloka mphambano ali m'minibasi, pa kabaza kapena wapansi.

Mkati mwa diso lililonse la roboti yachikale munali babu la kawaya kotentha, lofanana ndi mababu amene tinkayatsa m'nyumba, kumbuyo kwake kuli mbale yonyezimira yobweza kuwala, ndipo kutsogolo kwake kuli galasi lamtundu. Babulo linkatulutsa kuwala koyera, ndipo galasi lofiira linkatchinga mitundu ina yonse n'kulola kufiira kokha kudutsa, kutanthauza kuti gawo lalikulu la kuwala kumene khonsolo inalipira linkathera mkati mwa chitini chomwecho. Kuwonjezera apo, babu lotere limasandutsa magetsi ambiri kukhala kutentha, ndipo kuwala kumangokhala kagawo kochepa. Ku America diso lalikulu, la mamilimita 300, linkafuna babu la mawati 135 mpaka 150, pomwe ku Britain anazolowera timababu ta halojeni ta mawati 50. Nyali ya LED ilibe kawaya kotentha, ndipo imatulutsa yokha mtundu umene ukufunika, kotero palibe chotayika pagalasi. Diso lalikulu lomwelo likakhala la LED limadya mawati pafupifupi 10.

Ulendo wake sunali waufupi. Nick Holonyak anapanga LED yofiira mu 1962 ali ku kampani ya General Electric, koma kwa zaka pafupifupi 30 kuwala kwake kunali koyenera timagetsi ta pa wailesi, osati msewu wa masana. Zofiira zowala mokwanira zinapezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mizinda yoyamba inkasintha diso lofiira lokha, n'kusiya mababu pa lachikasu ndi lobiriwira. Diso lobiriwira linadikira ntchito ya akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene anatulukira LED yowala ya mtundu wa buluu, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2014. Dziko la America linakhazikitsa lamulo mu 2005 lakuti nyali za maroboti zopangidwa kuyambira pa 1 January 2006 zizikwaniritsa muyezo wosunga magetsi umene babu lakale silikanaufika, ndipo kuyambira pamenepo msika unatembenuka.

Masamu ake aliyense wogula mayunitsi angawatsatire. Pa mutu uliwonse wa roboti, kutanthauza chitini chokhala ndi maso atatu aja, pamakhala diso limodzi loyaka nthawi zonse, usana ndi usiku. Babu la mawati 135 loyaka maola 24 limadya mayunitsi 3.24 patsiku, amene pachaka ndi pafupifupi 1,180, ndipo mphambano yokhala ndi mitu 8 imadya mayunitsi oposa 9,400 pachaka pa nyali zokha. Mphambano yomweyo ikakhala ya LED ya mawati 10 imadya mayunitsi pafupifupi 700. Komanso mababu akale ankasinthidwa pafupifupi chaka chilichonse, pomwe opanga nyali za LED kawirikawiri amapereka chitsimikizo cha zaka 5, ndipo zambiri zimapitirira pamenepo. Apa pali kale phindu lina la chitetezo limene silitchulidwa kawirikawiri, chifukwa ulendo uliwonse wosintha babu unkafuna kutseka mbali ina ya msewu ndi kukweza munthu pamakwerero pakati pa magalimoto othamanga.

Pa nkhani ya kuoneka, nyali ya LED ndiyabwino kuposa yakale, ndipo sindikuona chifukwa chozengereza kunena choncho. Kuyaka kwabodza kuja kwa madzulo kunkachitika chifukwa dzuwa linkalowa pagalasi lamtundu, n'kugunda mbale yonyezimira, n'kubwerera kunja litatenga mtundu wa galasilo. Nyali ya LED sifuna mbale yotero, choncho diso lozima limaonekadi lozima. Imayakanso nthawi yomweyo, pomwe kawaya ka babu kamafuna kamphindi kuti katenthe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi, kotero kamphindi kameneka ndi mamita atatu ndi pang'ono, utali wa kagalimoto kakang'ono. Mtundu wobiriwira wa maroboti amausankha dala kuti upendekere ku buluu, pofuna kuthandiza anthu amene maso awo amavutika kusiyanitsa kufiira ndi kubiriwira, vuto limene limapezeka kwambiri mwa amuna, ndipo LED imapereka mtundu umenewu mosasuluka monga momwe galasi lopsa ndi dzuwa linkasulukira.

Koma wogula ayenera kusamala ndi mawu a wogulitsa, amene amakonda kulumpha kuchoka pa kuwala kukafika pa kuchepa kwa ngozi ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Ku Middletown, m'chigawo cha Ohio ku America, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2010 anayang'ana mphambano 8 zimene zinasinthidwa kupita ku LED, ndipo anapeza kuti ngozi zinawonjezeka m'malo mochepa. Mphambano 8 n'zochepa kwambiri kuti munthu agamulirepo mlandu, chifukwa ngozi zimakwera ndi kutsika chaka ndi chaka pa zifukwa zambiri. Kafukufuku wokulirapo anachitika ku Charlotte, m'chigawo cha North Carolina, pa mphambano 282, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Kumeneko sanapeze kusintha kwakukulu kopendekera mbali imodzi: pa mphambano zina ngozi zinatsika, pa zina zinakwera, ndipo zonse zikaphatikizidwa kusiyanako kunali kochepa. Izi sizindidabwitsa. Dalaivala amene amadutsa pa nyali yofiira kawirikawiri amakhala kuti waiona bwino lomwe, koma akuthamangira kukanyamula anthu pasiteji ya patsogolo, kapena maso ali pafoni, kapena wamwa. Munthu wotere ngakhale mutamuwalitsira nyali kawiri sangasinthe mtima. Choncho amene amagula LED poyembekezera kuti kuwala kokha kuchepetsa maliro akhumudwa.

Phindu lenileni la nyali zimenezi pa chitetezo, m'kuona kwanga, lili pamalo pena, ndipo limaoneka bwino kwa ife amene timakhala ndi ndandanda ya kuzima kwa magetsi kuposa kwa anthu a ku Charlotte. Nyali yosadya magetsi ambiri ingathe kuyaka ndi batire. Batire lalikulu la mavoliti 12 ndi maampeya 100, la mtundu umene ambiri ali nawo m'nyumba za sola, limasunga mayunitsi pafupifupi 1.2. Mitu 8 ya mababu a mawati 135 imakoka mawati 1,080, kotero batire limeneli lingathe pa ola pafupifupi limodzi lokha. Mitu 8 ya LED imakoka mawati 80, ndipo ngakhale titawonjezerapo bokosi lolamulira nyalizo ndi inveta, batire lomwelo lingagwire maola angapo, ndipo mabatire atatu kapena anayi angapirire kuzima kwa tsiku lathunthu. Pa chifukwa chomwechi, roboti yoyendera sola, imene m'nthawi ya mababu ikanafuna mapanelo odzaza denga la nyumba, lero imakwanira pa pholo limodzi.

Kuti timvetse kukula kwa phindu limeneli tiyenera kukumbukira chimene roboti imagwira. Ntchito yake yaikulu ndi kulekanitsa magalimoto amene njira zawo zimadutsana, kuti ina isagunde inzake m'nthiti. Ngozi ya m'nthiti ndiyo yoopsa kwambiri pamphambano, chifukwa pakati pa munthu ndi galimoto yomugundayo pamangokhala chitseko, pomwe kutsogolo kuli injini ndi zitsulo zochepetsa mphamvu ya kugundako. Wa kabaza ndi wapansi alibe ngakhale chitsekocho. Roboti ikazima, chitetezo chonsechi chimachoka nthawi imodzi, ndipo chimachoka pamalo pamene madalaivala anazolowera kudutsa osayang'ana kumbali. Usiku zimaipiraipira, chifukwa magetsi akazima nyali za m'misewu zimazimanso, ndipo mlendo amene sakudziwa mzindawo sazindikira n'komwe kuti wafika pamphambano.

Mzinda wa Johannesburg, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, ndiwo unayesa nkhani imeneyi mokwanira. Mzindawu uli ndi mphambano za maroboti pafupifupi 2,000 zosamalidwa ndi bungwe la Johannesburg Roads Agency, ndipo mu 2023 kampani ya Eskom inazimitsa magetsi mwa ndandanda pa masiku oposa 300. Lamulo la pamsewu la ku South Africa limati roboti ikafa mphambanoyo itengedwe ngati ya zikwangwani zoimitsa mbali zonse, wofika poyamba n'kudutsa poyamba, koma lamulo lotere limayenda bwino pa msewu waung'ono, osati pamene misewu ya mizere itatu itatu ikumana nthawi yoweruka. Kampani ya inshuwalansi ya OUTsurance yakhala ikulipira anthu oongolera magalimoto pamphambano zina, ndipo pa zina anthu osowa pokhala ankangolowa pakati pa msewu n'kumaongolera okha poyembekezera kandalama. Mu 2023 momwemo kunayamba dongosolo lina ku Sandton, dera la malonda la mumzindawu, lakuti makampani okhala ndi majenereta kapena sola akokere waya ku roboti yoyandikana ndi nyumba zawo. Dongosolo limeneli likutheka chifukwa cha LED basi, pakuti kampani siingadandaule kudyetsa mphambano imene imakoka magetsi ochepa kuposa ketulo imodzi ya mu ofesi.

Mzinda womwewo ukutiphunzitsanso malire a phinduli. Mabatire oikidwa m'bokosi la pamsewu ndi katundu wogulitsika, makamaka pamene nyumba iliyonse ikufuna batire, ndipo ambiri mwa amene anaikidwa pamphambano anabedwa, monganso mawaya a kopa. Kumayambiriro kwa 2011 kunamveka nkhani yakuti mwa maroboti pafupifupi 600 amene anaikidwa makadi a foni kuti azidziwitsa okha akawonongeka, pafupifupi 400 anaphwanyidwa ndi akuba ofuna makadiwo. Choncho wogula maroboti a LED okhala ndi batire sakugula nyali zokha; akugulanso bokosi lolimba, maloko, ndi maganizo a pamene batirelo likhale, kaya pamwamba pa pholo, kaya m'dzenje la simenti, kaya mkati mwa mpanda wa nyumba yolonderedwa. Ku Malawi nkhaniyi si yachilendo. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuzima kwa magetsi kunafika pa mphambano za m'mizinda monga momwe kunafikira m'makomo. M'dziko lotere, roboti ya LED yopanda batire ndi katundu wogulidwa theka, chifukwa khonsolo yalandira kutsika kwa bilu koma yasiya phindu lalikulu patebulo la wogulitsa.

Tsopano tifike pa cholakwika chimene ndimachiona chachikulu pa katunduyu, ndipo ndi kafedwe kake. Babu lakale linkafa poyera: lero likuyaka, mawa lapsa, aliyense waona, ndipo wina wakanena. Nyali ya LED imafa pang'onopang'ono ngati munthu wodwala matenda a mgonagona, amene apabanja sazindikira kuti waonda chifukwa amamuona tsiku ndi tsiku. Kuwala kwake kumatsika chaka ndi chaka, ndipo usiku imaonekabe bwino, kotero wogwira ntchito kukhonsolo akadutsa madzulo amati zonse zili bwino, chonsecho masana dzuwa likaswa mtengo dalaivala amene ali mamita 100 kutali sakuiona. Nyali za m'badwo woyamba zinali ndi timagetsi tambirimbiri tolumikizidwa m'mizere, ndipo kamodzi kakafa mzere wonse unkazima, n'chifukwa chake timaona maso a maroboti okhala ndi zigamba zakuda. Pa diso lozungulira chigamba chimangochepetsa kuwala, koma pa muvi wolola kukhota chingathe kudya mutu wa muviwo, n'kusiya kamzere kosadziwika kumene kakuloza. Nyali zatsopano zimagwiritsa ntchito timagetsi tochepa tamphamvu kumbuyo kwa galasi lomwaza kuwala, ndipo zigamba sizionekanso, koma kuzilala kwapang'onopang'ono kudakalipo, ndipo tsopano kulibe ngakhale chigamba chochenjeza.

Kutentha kumafulumizitsa zonsezi, ndipo apa wogula wa kwathu ayenera kuwerenga mapepala a wogulitsa mosamala kuposa wogula wa ku Ulaya. Timagetsi tofiira ndi tachikasu timapangidwa ndi zipangizo zimene kuwala kwake kumatsika zikatentha, ndipo tachikasu ndito timavutika kwambiri. Mutu wa roboti ndi chitini chakuda chopachikidwa padzuwa, ndipo masana a October mkati mwake mumatentha kuposa mpweya wakunja. Zotsatira zake n'zakuti nyali imafooka pa ola lomwelo limene ikufunika kuwala kwambiri, ndipo imene imafooka kwambiri ndi ija yochenjeza dalaivala kuti ayambe kuponda buleki. Kumbuyo kwa timagetsi kulinso kachipangizo kosintha magetsi, kamene kamaonongeka ndi kutentha, ndi ziphaliwali za m'dzinja, ndi mphamvu ija imene magetsi amabwera nayo akabwerera atazima. Kawirikawiri nyali ya LED ikafa isanakwane zaka zake, chimene chafa ndi kachipangizo kameneka, osati timagetsi tokha.

Palinso nkhani ya bokosi lolamulira. Mabokosi ambiri ali ndi mlonda wa magetsi, amene ndi kachipangizo osati munthu, ndipo amayang'anira kuti mbali ziwiri zodutsana zisapatsidwe kubiriwira nthawi imodzi, komanso kuti diso lofiira lisafe osadziwika, ndipo ena amazindikira zimenezi poyeza magetsi amene nyali ikukoka. Mlonda wopangidwira mababu angasokonezeke ndi nyali yokoka magetsi ochepa chonchi, ndipo nyali ya LED yosapangidwa bwino ingathe kuphethira ndi timagetsi tochepa todontha m'mawaya onyowa, pamene inayenera kukhala yozima. Mizinda imene inangochotsa mababu n'kulowetsa LED osayang'ana bokosi inakumana ndi zoterezi, ndipo miyezo ya masiku ano imalamula kuti nyali isayake konse mphamvu ya magetsi ikakhala pansi pa malire ena. Nyali yotchipa yopanda umboni wa miyezo yotere ndi yoopsa kuposa babu limene ikulowa m'malo mwake.

Nkhani yodziwika kwambiri ya kuipa kwa LED inachokera kumaiko ozizira, ndipo walira mvula walira matope. Kutentha kuja kumene babu lakale linkataya kunali ndi ntchito imene palibe anaiwerengera: kunkasungunula chipale chofewa chimene mphepo inkaunjika m'chipewa cha roboti. Nyali ya LED sitenthetsa galasi, choncho chipalecho chimamatirira n'kuphimba diso lonse. Mu April 2009 ku Oswego, m'chigawo cha Illinois, mayi wina anafa pamphambano pamene dalaivala wa galimoto ina sanaone nyali yofiira yokwiririka ndi chipale, ndipo m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho mizinda ya ku Wisconsin ndi Minnesota inkatumiza antchito kukapala maroboti ndi manja. Opanga anayankha ndi zipewa zolola mphepo kudutsa ndi magalasi otenthetsedwa pokhapokha kukazizira, ndipo kumadera a chipale a ku Japan anazolowera kuimika mitu ya maroboti choongoka kuti chipale chisakhale ndi pogona. Kwathu kulibe chipale, koma phunziro lake likutikhudza ndithu. Munthu amene ankabwera chaka ndi chaka kudzasintha babu ankapukutanso galasi, kuchotsa chisa cha mbalame ndi ukonde wa akangaude m'chipewa, kuongola mutu umene lole inaukhotetsa, ndi kuona nthambi imene yakula n'kutchinga diso. Nyali ikakhala zaka 5 kapena 7 osafuna kusinthidwa, ulendo umenewu umatha, ndipo fumbi la m'chilimwe ndi utsi wa dizilo zimaunjikana pagalasi popanda wozichotsa. Kukhota kwa mutu n'kofunikanso kuposa kale, chifukwa kuwala kwa LED kumalunjika kutsogolo, ndipo mutu ukapendekera pang'ono dalaivala wa m'mzere wakumapeto amalandira kuwala kochepa.

Usiku vuto limatembenuka. Nyali yopangidwa kuti ipikisane ndi dzuwa imathobwa m'maso mumdima, makamaka yobiriwira, makamakanso galasi la galimoto likanyowa ndi mvula kapena dalaivala akakhala wachikulire amene maso ake ayamba ng'ala. Pamsewu wokhala ndi nyali za m'mphepete izi n'zopiririka, koma pamphambano yamdima, pamene roboti ndiyo chinthu chokha chowala, munthu wovala zakuda amene waima m'munsi mwa pholo amasowa m'kuthobwako. Ku Britain maroboti amachepetsedwa kuwala kukada, ndipo zipangizo zochitira zimenezi zilipo pa msika, koma zimawonjezera mtengo, ndipo ndi zimene wogula wofuna kutchipa amayamba kuchotsa. Kanthu kena kakang'ono n'kakuti nyali zina za LED zimaphethira mofulumira kuposa momwe diso lingaonere, koma kamera ya m'galimoto imatha kuzijambula zili zozima, vuto limene linadziwika ku Japan pamene zithunzi za ngozi zinkalephera kusonyeza mtundu umene unayaka.

Za oyenda pansi ndinene mwachidule. LED ndiyo inapangitsa kuti kukhale kosavuta kuika manambala owerenga masekondi otsala, ndipo kwa agogo kapena mayi wobereka mwana manambalawa ndi othandiza, chifukwa amadziwa ngati nthawi yowolokera ikwana. Koma madalaivala nawonso amawaona, ndipo ena akaona kuti kwatsala masekondi atatu amaponda moto m'malo moponda buleki. Manambala oyang'ana wapansi ndimawavomereza. Oyang'ana dalaivala ndimawakayikira.

Ndikanafunsidwa ngati khonsolo igule maroboti a LED, ndikanati igule, ndipo kubwerera ku mababu sikungatheke ngakhale wina atafuna, popeza opanga ambiri anasiya kuwapanga. Koma mtengo woyerekeza usakhale wa nyali yokha. Pa mgwirizano wogulira payenera kulembedwa kuti chitsimikizo cha zaka 5 chikukhudza kuchuluka kwa kuwala, osati kungoyaka, ndiponso kuti kuwalako kunayezedwa pa kutentha kofanana ndi kwa m'chitini cha padzuwa la kwathu. Payenera kukhala chotetezera ku ziphaliwali, chochepetsera kuwala usiku, umboni wakuti nyalizo zikugwirizana ndi bokosi limene lilipo, ndi batire pa mphambano zikuluzikulu zonse. Nyali iliyonse ilembedwe tsiku limene inaikidwa, kuti isinthidwe zaka zake zikakwana ngakhale ikuyakabe, ndipo gawo la ndalama zopulumutsidwa pa bilu lilipire galimoto ndi anthu awiri oyendera mphambano iliyonse ndi nsalu yopukutira ndi sipanala, kamodzi mvula isanayambe ndi kamodzi itatha. Mwa mayunitsi oposa 8,000 amene mphambano ya chitsanzo chathu chija imapulumutsa pachaka, ulendo umenewu ungadye kagawo chabe.

Woyenda pamsewu nayenso angathe kuyesa katunduyu popanda chida chilichonse. Nthawi yoyenera si usiku, pamene nyali iliyonse imaoneka yamoyo, koma masana dzuwa lili pamutu, kapena madzulo lili kumbuyo kwanu. Imani m'mphepete mwa msewu mamita pafupifupi 100 kuchokera pamphambano, n'kudikira kuti nyali zonse zitatu ziyake motsatana. Ngati yachikasu ikuoneka yofooka poyerekeza ndi zinzake, ngati muvi wadyeka, kapena ngati mutu wa mbali ina ukuwala kuposa wa mbali inzake, nyaliyo yayamba kutha, ndipo pokanena kukhonsolo mutchule maina a misewu iwiri yokumanayo, mbali imene munkachokera, mtundu wa diso ndi ola limene munaliona, chifukwa wokonza akabwera pa ola lina adzaipeza ikuyaka n'kubwerera.